Wofika Pabwalo Ayambe Wamvetsera

Pabwalo la milandu kumudzi, munthu amene wafika nkhani ili mkati sayamba ndi kutsegula pakamwa. Amawomba m'manja, nakhala pansi chakumbuyo, n'kutchera khutu. Amafuna adziwe kaye kuti wadandaula ndani, woyankha mlandu wanenapo zotani, mboni zaikira umboni mbali iti, ndiponso kuti nduna za amfumu zafika nayo pati nkhaniyo. Akapupuluma n'kulankhula asanamve zonsezi, amafunsa zomwe zayankhidwa kale, amadzutsa zomwe zagonekedwa, ndipo anthu amayang'anana n'kumafunsana kuti mwana ameneyu anakulira kwa yani.

Adzukulu ambiri lero amauona mwambo umenewu ngati wa anthu a m'midzi okhaokha. Komatu anthu amene anayambitsa mabwalo a zokambirana pa makina a kompyuta, kutali ku America, anafika pa mwambo womwewu paokha ataona mavuto obwera ndi kusamvetserana. Iwo anachita kupanga chida chothandiza munthu kuusunga. Chidacho ndi pulogalamu yowerengera mauthenga a m'magulu, imene m'Chingerezi imatchedwa newsreader. Mbiri yake ili ndi phunziro kwa aliyense amene lero ali m'gulu la WhatsApp la banja, la mpingo kapena la anzake a kusukulu.

Nkhaniyi inayamba m'chaka cha 1979 ku Duke University, m'boma la North Carolina. Ophunzira awiri, Tom Truscott ndi Jim Ellis, anaganiza zolumikiza makompyuta a sukulu zosiyanasiyana kuti azipatsirana mauthenga kudzera pa nthambo za telefoni. Mnzawo wa ku University of North Carolina, Steve Bellovin, ndiye analemba pulogalamu yoyamba, ndipo m'chaka cha 1980 njirayi inatsegulidwa kwa anthu ena ndi dzina lakuti Usenet. Inalibe mwini, inalibenso likulu. Kompyuta ya sukulu ina inkaimbira inzake, kawirikawiri usiku pamene mtengo wa telefoni unali wotsika, n'kuipatsira mauthenga atsopano, ndipo inzakeyo inkapatsiranso ina. Uthenga unkayenda monga mmene mbiri ya maliro inkayendera kale, mudzi uwu kutuma mthenga ku mudzi winawo, mpaka dera lonse litamva.

Mauthengawo ankagawidwa m'magulu potsata nkhani zake. M'chaka cha 1987 magulu anakonzedwanso n'kuikidwa m'mabanja asanu ndi awiri: comp la za makompyuta, sci la za sayansi, rec la zosangalatsa, soc la za chikhalidwe cha anthu, talk la mitsutso, news la za kayendetsedwe ka Usenet yeniyeniyo, ndi misc la nkhani zotsala. Chaka chomwecho kunabadwanso banja la alt, limene linalibe malamulo okhwima otsegulira gulu latsopano. Mabwalo amenewa sanali a macheza okha. Pa 6 Ogasiti 1991, Tim Berners-Lee anafotokozera anthu za World Wide Web m'gulu la alt.hypertext, ndipo masamba onse amene adzukulu amatsegula pa intaneti lero ndi zipatso za ntchito imene inalengezedwa tsiku limenelo.

Magulu atachuluka, munthu sakanatha kuwerenga zonse. Apa ndi pamene pulogalamu yowerengera inakhala yofunika. Mwini wake ankasankha yekha magulu amene akufuna kutsata, ndipo akaitsegula inkamuonetsa mayina a maguluwo ndi chiwerengero cha mauthenga amene sanawawerenge m'gulu lililonse. Akalowa m'gulu ankapeza mndandanda wa mitu ya nkhani, mayina a olemba ndi masiku. Pulogalamuyo inkakumbukira pamene munthuyo analekezera dzulo, kotero kuti lero ankapitiriza pomwepo. Imodzi mwa mapulogalamu otchuka inali rn, imene Larry Wall anatulutsa m'chaka cha 1984, ndipo pambuyo pake Wayne Davison anaikonzanso n'kuitcha trn. Chofunika kuona n'chakuti chida chimenechi chinatchulidwa dzina la kuwerenga, ndipo khomo lake linali la wowerenga. Malo olemba ankabwera pambuyo.

M'chida chimenechi munali makhalidwe atatu amene mwana wa kumudzi wolangidwa bwino akanawazindikira msanga.

Khalidwe loyamba linali la kumvetsera munthu asanalankhule. Panali gulu lapadera la alendo, news.announce.newusers, lofotokoza mwambo wa pabwalo, ndipo magulu ambiri ankasunga chikalata cha mafunso ofunsidwa kawirikawiri pamodzi ndi mayankho ake, chotchedwa FAQ. Mu Okutobala 1995, Sally Hambridge wa kampani ya Intel anasonkhanitsa malangizo a ulemu wa pa makina m'chikalata chotchedwa RFC 1855, ndipo limodzi mwa malangizowo linali lakuti mlendo awerenge za m'gulu kwa mwezi umodzi kapena iwiri asanalembe kanthu. Pulogalamu ina yotumizira mauthenga inkachita kumuimitsa munthu asanalembe, n'kumukumbutsa kuti uthenga wake upita ku makompyuta zikwizikwi m'mayiko ambiri ndipo uwonongetsa anthu ena ndalama, kenako n'kumufunsa ngati watsimikizadi. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Amene ankadekha mwezi wathunthu ankadziwa kuti m'gulumo katswiri ndani, wokonda mikangano ndani, ndi nkhani ziti zimene zinakambidwa kale mpaka kutopetsa.

Khalidwe lachiwiri linali la kutsata nkhani kuchokera kumutu. Uthenga uliwonse woyankha unkanyamula chizindikiro cha uthenga umene ukuyankha, ndipo mapulogalamu monga trn ankalumikiza mauthengawo n'kuwaonetsa ngati mtengo wa nthambi, kusonyeza amene anayambitsa nkhani, amene anamuyankha, ndi amene anayankha woyankhayo. Mzere woterewu ankautcha thread, kutanthauza ulusi. Woyankha ankayembekezeredwa kukopera mawu ochepa okha amene akuwayankha, aliwonse atayamba ndi chizindikiro cha >, n'kulemba yankho lake m'munsi mwake, kuti wowerenga aone funso asanaone yankho. Mwambi uja wakuti khotekhote wa njoka, tsata kumene kwaloza mutu umanena za luso lomweli. Nkhani ya anthu ambiri imakhotakhota, ndipo amene wagwira mchira wokha amaweruza mlandu umene sanaumve.

Khalidwe lachitatu linali la kusankha woti umumvere. Pulogalamu ya rn inatchukanso ndi chimene ankachitcha kill file, mndandanda wa mayina a anthu kapena mitu ya nkhani imene mwini wake sakufuna kuionanso. Munthu wotukwana akalembedwa mmenemo, mauthenga ake ankabisika kwa amene wamulembayo, pamene ena onse ankapitiriza kuwaona. Palibe ankathamangitsidwa pabwalo, koma palibenso ankakakamizidwa kumvera chipongwe. Kumudzi nakonso chidakwa chikamabwebweta pa msonkhano, anthu anzeru salimbana nacho. Amangochileka, ndipo chikaona kuti palibe akuchiyankha chimatopa chokha.

Mwambo umenewu unayesedwa, ndipo mayesowo ndiwo akuonetsa mtengo wake. M'zaka zoyambirira, ambiri olowa pa Usenet anali ophunzira a m'mayunivesite. Mwezi wa Sepitembala uliwonse, sukulu zikatsegulidwa, kunkabwera alendo ambiri osadziwa mwambo, koma popeza anali ochepa poyerekeza ndi akale, ankalangizidwa ndipo pakapita masabata angapo ankazolowera. Kuyambira m'chaka cha 1993, makampani ogulitsa intaneti anayamba kutsegulira khomo anthu ambirimbiri, ndipo kampani yaikulu ya America Online inachita chimodzimodzi m'chaka cha 1994. Alendo anachuluka kuposa owalangiza, mwakuti akale anaitcha nyengo imeneyo Sepitembala wosatha. Pa 12 Epulo 1994, maloya awiri a ku Arizona, Laurence Canter ndi Martha Siegel, anatumiza uthenga umodzi wotsatsa ntchito yawo ku magulu oposa 5,000 nthawi imodzi, osasamala kuti magulu amenewo ankakamba za chiyani. Ena ataona kuti zatheka anatengera, ndipo mauthenga a malonda anasefukira. Mudzi umene ana ake achuluka kuposa anamkungwi umaona zotere, chifukwa mwambo sudziphunzitsa wokha.

Phunziro lina linabwera mochedwa, ndipo linali lowawa. Ambiri ankalemba poganiza kuti mawu awo afufutika pakapita masabata ochepa, popeza makompyuta ankataya mauthenga akale kuti apeze malo a atsopano. Koma m'chaka cha 1995 kampani ya Deja News inayamba kusunga mauthengawo kuti aliyense athe kuwafufuza. Google inagula nkhokwe imeneyo mu Febuluwale 2001, ndipo pofika Disembala chaka chomwecho inaonjezamo mauthenga oyambira m'chaka cha 1981. Anthu amene anali atakula, ena atakhala mabwana ndi aphunzitsi, anapeza kuti zimene analemba atapsa mtima ali anyamata zikupezeka polemba dzina lawo lokha. Duke University inatseka makina ake a Usenet mu Meyi 2010, ndipo Google inaleka kulandira mauthenga atsopano a Usenet pa 22 Febuluwale 2024, koma akale aja inawasiya kuti aziwerengedwa. Makolo ananena kale kuti mlandu suola, ananenanso kuti ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Iwo ankanena za mawu a pakamwa, amene mphepo imatha kuwauluza. Mawu olembedwa pa makina ndiye amatsata munthu mokhulupirika kuposa pamenepo.

Amalawi sanali kutali ndi mabwalo amenewa. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, pamene dziko linkayandikira riferendamu ya mu Juni 1993, Amalawi ophunzira ndi ogwira ntchito kunja ankakambirana za kwawo pa Nyasanet, bwalo limene linkayenda pa imelo, ndipo pa Usenet panadzakhalanso gulu la soc.culture.malawi. Kwa anthu amene anakulira m'nthawi ya chipani chimodzi, pamene munthu ankayang'ana uku ndi uku asanatchule dzina la mtsogoleri, malo olankhula momasuka anali chinthu chamtengo wapatali. Adzukulu a lero anabadwira m'ufulu umenewo, ndipo chinthu chimene munthu anachipeza chili kale pakhomo sachedwa kuchipeputsa.

Wachinyamata angayankhe kuti tsobola wakale sawawa, ndipo zina mwa zimene angatsutse n'zoona. Usenet sinali mudzi wa angelo. Munali mikangano yotukwanizana imene inkatha masabata, ndipo akale ena ankanyoza mlendo wofunsa funso losavuta m'malo momuthandiza. Lamulo lakuti mlendo ayambe wakhala chete lingasanduke chibonga chotsekera pakamwa anthu amene ali ndi mfundo. Bwalo la kumudzi nalonso lili ndi chilema chomwechi, pakuti si kamodzi kokha pamene mayi wamasiye kapena mnyamata anabwerera kunyumba ndi choonadi chake m'mimba chifukwa akuluakulu sanamupatse mpata. Amene amalemekeza mwambo ayenera kuvomereza zimenezi poyera. Makolo omwewo anatinso chetechete sautsa nyama, ndiponso kuti mlendo amabwera ndi kalumo kakuthwa.

Koma kalumoko kamagwira ntchito m'manja mwa mlendo amene wayamba waona pofunika kumeta. Pa 25 Ogasiti 1991, Linus Torvalds, wophunzira wa zaka 21 wa ku University of Helsinki m'dziko la Finland, analemba m'gulu la comp.os.minix kuti akupanga pulogalamu yoyendetsera kompyuta ngati chosangulutsa chabe, napempha anthu kuti amuuze zimene amakonda ndi zimene sakonda m'pulogalamu ya Minix imene onse ankagwiritsa ntchito. Anasankha gulu loyenera, analankhula modzichepetsa, ndipo anafunsa anthu amene ankaidziwa nkhaniyo. Pulogalamu yakeyo ndi Linux, imene lero ndi maziko a mafoni a Android amene ali m'matumba mwa adzukulu ambiri. Mnyamatayo anamvedwa chifukwa ankadziwa bwalo limene akulankhulapo. Kumvetsera kumene mwambo umafuna kuli ndi malire, ndipo mapeto ake ndi kulankhula kogwira mtima.

Nayo kill file ili ndi ngozi yake. Munthu angalembemo aliyense amene amamutsutsa, n'kutsala ndi omuwombera m'manja okhaokha. Mfumu yanzeru sithamangitsa mboni chifukwa umboni wake ukuwawa. Wotukwana ndi wotsutsa ndi anthu awiri osiyana, ndipo amene watseka khutu kwa wotsutsa wadzimana yekha mankhwala. Komabe, m'chida chakalecho chisankho chinali m'manja mwa wowerenga, ndipo iye ankadziwa amene wamutsekera ndi chifukwa chake.

Apa ndi pamene zida za lero zasiyana ndi chakalecho. Pa Facebook, kuyambira pamene tsamba losonkhanitsa nkhani za anzako linayamba m'chaka cha 2006, makina a kampani akhala akutenga mbali yaikulu posankha zimene munthu aone poyamba, ndipo nkhani imene yakopa ndemanga zambiri imakonda kukwera pamwamba, ngakhale ndemangazo zikhale za mkwiyo. Pa WhatsApp mauthenga onse a m'gulu amatsika mumzere umodzi, za maliro, za chopereka, nthabwala ndi malonda a zitenje zitasakanikirana, ndipo bokosi lolembamo lili pansi penipeni pamene pali chala chachikulu. Kupatsira ena uthenga umene munthu sanaufufuze kumatenga kamphindi. Eni ake a WhatsApp anaiona ngozi imeneyi. M'chaka cha 2018, anthu ataphedwa ku India chifukwa cha mphekesera zabodza zakuti ndi oba ana, kampaniyo inachepetsa chiwerengero cha malo amene uthenga ungapatsiridwe nthawi imodzi kufika pa asanu, ndipo mu Januwale 2019 inafikitsa malire amenewo ku mayiko onse. Ku Malawi nako, m'chaka cha 2016 kunakhazikitsidwa lamulo lokhudza zochitika pa makina, limene mwa zina limaletsa kuzunza ndi kuopseza ena kudzera pa kompyuta. Malire ndi malamulo n'zothandiza, koma zimagwira munthu atalakwa kale kapena ali pafupi kulakwa. Mwambo umamugwira asanaganize n'komwe.

Zotsatira za kusowa kwa mwambowu zimaoneka bwino m'magulu a mabanja. Mdzukulu amene ali ku Johannesburg amaweruka kuntchito usiku, natsegula foni n'kupeza mauthenga ankhaninkhani okamba za munda wa agogo. Amawerenga awiri omalizira, magazi n'kuwira, nalembera amalume ake mawu oti sakanawanena atakhala nawo pamphasa imodzi. Akanakwera pamwamba akanapeza kuti amalumewo ndi amene anali kuteteza gawo la mayi ake, ndipo kuti nkhaniyo inagwirizanidwa masana. Wina amamva za imfa ya wachibale n'kuika chithunzi cha malemuyo pagulu mwini mbumba asanalengeze, mwakuti mwana wa womwalirayo amamva za imfa ya mayi ake pa foni ali m'minibasi. Kale uthenga wa maliro unali ndi njira yake ndi anthu ake, ndipo wofunika kuuzidwa modekha ankapitiridwa ndi munthu wamkulu. Mabala a zolakwa zotere sapola msanga, ndipo uthengawo ungafufutidwe, wina amakhala ataujambula kale.

Mdzukulu safunika kubwerera ku pulogalamu ya 1984 kuti apeze nzeru imeneyi, ngakhale Usenet ikadalipo ndipo mapulogalamu monga Thunderbird amatha kuiwerenga. Chofunika n'chakuti achite mwa kufuna kwake zimene chida chakale chinkamuthandiza kuchita. Akalowetsedwa m'gulu latsopano apereke moni, kenako awerenge kwa masiku angapo kuti adziwe amene alimo ndi cholinga cha gululo. Akapeza mauthenga ataunjikana, akwere kufikira pamene analekezera, atsike nawo mwadongosolo, ndipo ayankhe atafika kumapeto. Poyankha agwiritse ntchito njira yosonyeza uthenga umene akuyankha, kuti mawu ake asagwere munthu wolakwika. Asanafunse, afufuze ngati funsolo linayankhidwa kale, ndipo ngati sanalipeze afunse mopanda manyazi, pakuti safunsa anadya phula. Uthenga wochititsa mantha kapena woipitsa mbiri ya munthu, umene sakudziwa gwero lake, uthere pa iye. Gulu laphokoso angalitseke kulira n'kumalitsegula pa nthawi imene wasankha yekha. Akapsa mtima, alembe yankho lake papepala n'kuligoneka mpaka m'mawa.

Akuluakulu nawo ali ndi gawo lawo. Sepitembala wosatha anabwera chifukwa alendo anachuluka kuposa owalandira. Azakhali ndi amalume amene ali m'magulu a banja ndiwo anamkungwi a bwalo latsopanoli, ndipo sangadzudzule mwana pa zimene iwo eni akuchita, pakuti kawirikawiri opatsira mphekesera za mankhwala ozizwitsa ndi maulosi oopsa amakhala achikulire omwe. Mwana akalakwa pagulu, womulangiza amuimbire payekha monga mmene amalume ankamutengera mphwawo kuseri kwa nkhokwe, osati kumuchititsa manyazi pamaso pa abale onse. Woyang'anira gulu alembe malamulo ochepa omveka bwino, monga za amene amalengeza maliro ndi za nkhani zosayenera m'gulumo, n'kumawatumizira aliyense wolowa kumene.

Anthu a ku Duke ndi anzawo sanamvepo za bwalo la amfumu, ndipo makolo a kuno sanaonepo kompyuta. Onsewa anakumana ndi vuto limodzi, la anthu ambiri ofuna kulankhula pa malo amodzi, ndipo anapeza yankho lofanana. Mdzukulu amene usiku uno atsegule foni n'kupeza nkhani ya kumudzi itafika patali ali ngati munthu uja wofika pabwalo mlandu uli mkati. Akwere kaye kumutu kwa nkhaniyo, amve amalume ake mpaka atamaliza, ndipo akatero alankhule.